Kodi Lamulo Lililonse ndi Chilungamo?

Mawu akuti "ndi lamulo" amatseka pakamwa. Akatchulidwa, mkangano umatha, ngakhale mtima usanakhutire. Komabe mbiri ya dziko lathu ikutikakamiza kufunsa ngati kulembedwa papepala ndi kudindidwa chidindo cha boma kumakwanira kuti chinthu chikhale cholungama.

M'chaka cha 1907, dziko lino litapatsidwa dzina la Nyasaland, boma la Britain linakhazikitsa nyumba yopanga malamulo ku Zomba. M'nyumbamo munkakhala bwanamkubwa, akuluakulu a boma ndi azungu ena osankhidwa. Mwini nthaka sanaitanidwe, ndipo zofuna zake ankamulankhulira ndi mmishonale. Anthu akuda oyamba analowamo mu 1949, patadutsa zaka 42. Pa nthawi yonseyi malamulo ankatuluka, ndipo makolo athu a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota ankangouzidwa kuti amvere.

Msonkho wa nyumba unali wovomerezeka ndi lamulo. Munthu wopanda mashilingi ankausaka pogwira ntchito m'minda ya atsamunda kapena posenza mtengatenga. Thangata nayenso anali ndi lamulo lake, ndipo la 1928 linakonzanso momwe anthu okhala m'maesiteti azilipirira malo amene ena mwa iwo anabadwirapo. Mu 1933 mafumu anapatsidwa mphamvu ndi makhoti awo, koma mpando wa mfumu unkadalira kuvomereza kwa bwanamkubwa. Mfumu yomwe kale inkayankha kwa anthu ake inayamba kuyang'ana kuboma isanatsegule pakamwa.

Ife Asilamu tili ndi chitsanzo chotikhudza m'nyumba mwenimweni. Atsamunda anapanga lamulo lozindikira ukwati wa Amwenye womangidwa motsatira chipembedzo chawo, ndi lina lolembetsera maukwati a anthu akuda omangidwa kutchalitchi. Koma nikaa ya Msilamu wakuda inkawerengedwa m'gulu la maukwati a mwambo. Shehe, mboni, mahari ndi duwa zikanatha kufanana, koma khungu la okwatirana ndilo linkagamula dzina la ukwatiwo pamaso pa boma. Lamulo limene limalekanitsa anthu awiri ogwada pa safu imodzi mumzikiti silingatchedwe lolungama, ngakhale litalembedwa mwaluso chotani.

Pali mbali ina imene owerenga oona mtima sangailumphe. Ulamuliro womwewu ndiwo unathetsa malonda a akapolo m'mbali mwa nyanja. Pakati pa 1891 ndi 1895, Harry Johnston anathira nkhondo mafumu monga Makanjira, Mponda, Jalasi ndi Kawinga, ndipo ena mwa olamulira a nthawiyo, kuphatikizapo Jumbe wa ku Nkhotakota, anali atalemerera pa malondawo. Kwa munthu amene anali m'goli podikira kuwoloka nyanja, lamulo la mlendo linali chipulumutso. Choncho sitinganene kuti lamulo ndi loipa chifukwa chakuti analemba ndi mtsamunda, monganso sitinganene kuti chizolowezi ndi chabwino chifukwa chakuti ankachita ndi Msilamu mnzathu.

Nanga muyeso wake ndi uti? Chisilamu chimatiphunzitsa kuti chilungamo chili pamwamba pa mfumu, mtundu ndi chibale, pakuti mwini wake ndi Allah. Kuchokera pamenepa tikupeza mafunso atatu oyezera lamulo. Loyamba: kodi anthu amene lidzawamange anafunsidwa? Iyi ndiyo shura, imene makolo anaifotokoza ponena kuti mutu umodzi susenza denga. Lachiwiri: kodi lamulolo limamanganso amene analipanga? Lachitatu: kodi limateteza wofooka, kapena limangosunga chuma cha wamphamvu? Kuletsa ukapolo kunapambana pa funso lachitatu, ngakhale kunabwera ndi mfuti. Thangata anagwa pa onse atatu.

Ena adzati kuyeza malamulo motere n'kutsegulira khomo chisokonezo, poti aliyense adzakana lamulo lomwe lamupweteka. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo chipembedzo chathu sichikonda fitina. Koma kumvera ndi kuvomereza ndi zinthu ziwiri zosiyana. Makolo athu ambiri ankakhoma msonkho, koma sanapereke mitima yawo. Pamene sukulu zambiri zinali m'manja mwa mamishoni, mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje anaphunzitsa ophunzira amene anafalitsa madrasa m'midzi. Mtengo wake unali wowawa, pakuti ana ambiri a Chisilamu anatsalira pa maphunziro a sukulu, koma chikhulupiriro chinapulumuka.

Ufulu unabwera pa 6 July 1964, koma malamulo ambiri a atsamunda anatsalabe m'mabuku. La maukwati a Amwenye linachotsedwa ndi lamulo latsopano la maukwati la 2015, patatha zaka zoposa 50. Mlandu suola, komanso sudziweruza wokha. Lero aphungu timasankha tokha, ndipo chowiringula chakuti sitinafunsidwe chikuchepa mphamvu. Bilu yokhudza malo, usodzi, maukwati kapena maphunziro a ana athu ikamakambidwa ku Lilongwe, tiyenera kuiwerenga, kuikambirana pabwalo la mzikiti, ndi kuuza phungu wathu maganizo athu isanadutse. Ndipo tiifunse mafunso atatu aja ngakhale pamene ikutikomera ife n'kupweteka mnansi wathu wa chipembedzo china.