Kodi Mwini Wake wa Chakudya Ndani?

Ku dziko la Italy kuli mlandu umene wakhala pabwalo mibadwomibadwo osagamulidwa, ndipo ngakhale sukhudza munda kapena ufumu, koma ndiwo ya mabiringanya yotchedwa parmigiana, anthu a ku Naples ndi a pachisumbu cha Sicily amaukamba mopsetsana mitima. A ku Parma nawonso salephera kuponyapo mawu, popeza tchizi chawo chouma ndicho ambiri amawaza pamwamba.

Kaphikidwe kake nkofuna kudekha. Mayi amadula mabiringanya mopyapyala, nawathira mchere kuti akhe madzi owawa, nawakazinga m'mafuta mpaka atapsa bwino. Atatero amawayala m'chiwaya mosanjikiza, apa mabiringanya, apa msuzi wa tomato, apa tchizi ndi masamba onunkhira a basilico, kufikira chiwaya chitadzaza, ndipo chikatuluka mu uvuni sachikhudza msanga, pakuti odziwa amati parmigiana imakoma ikagona. Wa ku Naples amaikamo mozzarella wonyulunduka. Wa ku Sicily amakonda caciocavallo, mwinanso ndi mazira owiritsa. Ndipo kugombe la Amalfi, pa chikondwerero cha Maria cha pa 15 Ogasiti, alipo amene amaviika mabiringanya mu chokoleti, chinthu chimene ine sindichitama, koma sindingawaletse.

A ku Naples ali ndi mboni zolembedwa: Vincenzo Corrado, amene buku lake la zophika lidatuluka mu 1773, ndi Ippolito Cavalcanti, amene m'buku lake loyamba kusindikizidwa mu 1837 muli kaphikidwe kofanana ndi ka lero. Koma kulemba chinthu sikuchilenga, ndipo apa mpamene mlandu wa kukhitchini usanduka funso limene mtumwi Paulo adafunsa Akorinto odzitukumula, lakuti aloze chimene ali nacho chosachita kupatsidwa. Pakuti tikafukula m'chiwayamo tipeza kuti nsanamira zake ziwiri nzachilendo: mabiringanya kwawo ndi ku Asia, ndipo adafika ku nyanja ya Mediterranean m'manja mwa Aluya, amene adalowa mu Sicily mu 827 nalamulira kufikira Anormani atawagonjetsa kotheratu mu 1091; tomato naye adaoloka nyanja kuchokera ku America pambuyo pa 1492, nakhala zaka zoposa zana akukayikiridwa asanalowe mumphika wa anthu wamba. Akuluakulu sadaname kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Sindikunena kuti Ataliyana alibe gawo. Mbewu ndi ya Mlengi, koma nzeru yosanjikiza, thukuta la pamoto, ndi kukhulupirika kwa amayi amene adaphunzitsa ana awo aakazi popanda buku, makamaka pa Lachisanu pamene Mpingo udaletsa nyama, zonsezi zimapatsa munthu ufulu wonena kuti chakudya ichi nchathu. Chimene chindivuta ine nchina: wolandira cholowa ali ndi mangawa kwa amene adamsiyira, ndipo mangawawo amakula pamene wosiyayo adachotsedwa mwankhanza. Asilamu otsala a ku Sicily adasamutsidwa ndi Mfumu Frederick Wachiwiri kunka ku mzinda wa Lucera. Ayuda, amene adazolowera mabiringanya kalekale, adapirikitsidwa pachisumbupo ndi lamulo la mafumu a Spain la 1492, ndipo pamene olimbirana parmigiana akuwerenga mboni zawo, maina a anthu awa satchulidwa kawirikawiri.

Koma Pellegrino Artusi, m'buku lake la zophika la 1891, adakumbukira kuti zaka makumi anayi m'mbuyomo mabiringanya sadali kuoneka kwenikweni pamsika wa ku Florence, chifukwa anthu ankawanyoza kuti nchakudya cha Ayuda. Ndipo iye, Mkhristu wolembera Akhristu anzake, adavomera poyera kuti onyozedwawo ndiwo adayamba kuzindikira chokoma.