Kodi Mwana Akalephera Mayeso ku Koleji Watha Nzeru?

Mwana akasankhidwa kupita ku sukulu ya ukachenjede, mudzi wonse umakondwera. Amayi amalulutira, malume amagulitsa mbuzi, ndipo anansi amasonkha kangachepe. Koma lilipo tsiku lina limene sitilikamba kawirikawiri, ndilo tsiku limene mwanayo aona kuti chigawo cha chaka chatha, ndipo pa maphunziro ake awiri kapena atatu sanakhoze. Kodi wotereyu timuyese chiyani? Kodi ndi waulesi, kapena nzeru zake zafika polekezera?

Tiyeni tiyambe taona kumene achokera. Mnyamata wa pa Likuni Boys, ngakhale mtsikana wa pa Likuni Girls, amadzuka ndi belu, amadya ndi belu, nawerenganso ndi belu, kufikira atalemba mayeso a Fomu 4. Tsono akafika ku Bunda kapena ku Zomba, apeza kuti palibe womulondalonda. Mphunzitsi amalankhula kwa khamu la ophunzira nachoka, ndipo zotsalazo mwana ayenera kudzifunira yekha m'mabuku. Wina amagona m'kachipinda ka lendi, magetsi akuthimathima, m'mimba muli zii. Winanso foni yamudyera nthawi. Zifukwa zimenezi nzosiyana, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala akeake. Mlimi wanzeru chimanga chikakanika samatentha khasu ayi. Amayamba wafunsa ngati chalakwa ndi mbewu, mvula kapena kupalira mochedwa.

Chifukwa chake tinena kuti kulephera pakokha sikuchotsa munthu ulemu. Choopsa ndicho kubisa. Mwana woopa manyazi amauza makolo kuti zonse zili bwino, amapewa mphunzitsi, nathawa anzake amene anakhoza. Potero amadzitsekera makomo onse amene chithandizo chikadalowera. Sukulu zathu za ukachenjede zimapatsa wolephera pang'ono mwayi wa mayeso achibwereza, koma wolephera kobwerezabwereza zimamuchotsa. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mawuwa akali oona.

Nanga wofuna kudzuka achite chiyani? Choyamba, anene zoona kwa amene amamulipirira, pakuti ndalamazo ndi thukuta lawo. Chachiwiri, apite kwa mphunzitsi wa phunziro lomwe lamuvuta, akafunse pamene anaphonya. Chachitatu, asinthe kawerengedwe. M'chaka cha 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasindikiza zimene anapeza podziyesa yekha: kuti munthu amaiwala msanga kwambiri atangophunzira kumene, ndi kuti kubwereza chinthu pa masiku otalikirana kumachikhazikitsa m'mutu koposa kuchiloweza chonse nthawi imodzi. Motero wochezera usiku wonse mayeso ali mawa afanana ndi munthu wopalira munda udzu utabala kale. Kuli bwino kuwerenga pang'ono tsiku ndi tsiku, kutseka buku, ndi kudzifunsa zimene wakumbukira. Ndipo ngati gwero la vuto ndi kusowa, asachite manyazi kupempha ngongole ku bungwe la boma lokongoza ophunzira, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2015.

Koma wina adzati, "Kodi kumumvera chisoni sikudzamulimbikitsa ulesi?" Funso limeneli ndi lanzeru. Chifundo chosafunsa kanthu chimaononga mwana, monganso ukali wosamva kanthu umamuphunzitsa bodza. Inu makolo, mufunseni zenizeni: amawerenga nthawi yanji, amadya kangati pa tsiku, amayenda ndi yani. Ngati wachita ulesi, mudzudzuleni pamaso, mupangane naye zimene adzasintha. Ngati ndi njala kapena matenda, musamusenzetse mlandu umene suli wake. Koma musamuchititse manyazi pabwalo, chifukwa mwana wonyozedwa lero sadzakuuzaninso zoona mawa.

Ndipo inu ana athu, dziwani kuti pepala la mayeso limanena za miyezi inayi kapena isanu ya moyo wanu, silinena za moyo wonse ayi. Munthu amadziwika ndi zimene achita atagwa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Yambani lero ndi phunziro lomwe mumaliopa koposa, ndipo musadikire kuti mayeso ayandikire.