Yakale Kapena Yatsopano: Nanga Mpando Winawo Ndi wa Yani?

Tiyerekeze kuti pabwalo la chalichi aimikapo mamotoka awiri, ndipo akuuzani kuti musankhe imodzi ikhale yanu. Yoyamba ndi Datsun 240Z ya mu 1971, yamphuno yaitali, yaifupi msinkhu ngati yagwada. Yaciwiri ndi mdzukulu wake, Nissan Z imene inatuluka mu 2022. Onsewa ndi mamotoka a liwiro, a mipando iwiri cabe, opangidwa ndi kampani imodzi ya ku Japan. Mudzatenga iti?

Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Ambiri a ife ngakhale njinga ndi yobwereka, ndipo ndalama ya minibasi timaiwerenga kawiri tisanacoke pakhomo. Komabe musafulumire kutembenuza tsamba. Anyamata akayamba kukangana za mamotoka atatuluka ku kwaya, mkanganowo umathera pa kukongola ndi liwiro. Ine ndifuna tiufikitse pamene umakhudza cikumbumtima, cifukwa tsiku lina ena mwa inu adzagwira ciwongolero, ngakhale cisakhale ca Z.

Tiyambe ndi yakale, pakuti mbiri yake iyenera ulemu. Makolo athu adziwa dzina la Datsun cifukwa ca 120Y ndi mapikapu a 1200 amene ananyamula cimanga, mbuzi ndi akwati. 240Z ndi m'bale wao wonyada. Inatuluka kumapeto kwa 1969, ndipo ku America inali kugulitsidwa madola 3,526, mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi Jaguar kapena Porsche za nthawi imeneyo. Injini yake ndi ya malita 2.4, masilinda 6 ondandalikana mumzere umodzi, mphamvu ya akavalo 151. Kuno ku Africa inadzionetsa pa mpikisano wa East African Safari, wodutsa m'matope ndi m'fumbi la ku Kenya ndi maiko oyandikana nalo. Edgar Herrmann anapambana nayo mu 1971, ndipo Shekhar Mehta anateronso mu 1973.

Koma cokoma cake ceniceni cili pansi pa boneti. Mukatsegula, muona zonse ndi maso anu: makabureta awiri, mapulagi, lamba wa fani, ndi malo okwanira kulowetsa dzanja. Makanika wa pansi pa mtengo wa mango, wokhala ndi masipana ndi khutu labwino, angathe kumva pamene ikudwala. Mwini wake amaphunzira kumvetsera, kudikira kuti injini itenthe m'mawa, kumanga cimene cakhwefuka cisanagwe. Masiku ano foni ikangosweka galasi timayamba kuganiza zogula ina. Tsono munthu amene wasamala cinthu cimodzi mpaka capyola zaka 50 ali ndi khalidwe limene ambiri a ife tilibe, ndipo sindiona cifukwa coti Mkristu alicitire manyazi. Amati tsobola wakale sawawa, koma amene ananena zimenezi sanamve kulira kwa injini imeneyi.

Yatsopanoyo ndi nkhani ina. Ili ndi injini ya malita 3.0 ndi maturbo awiri, mphamvu ya akavalo 400, ndipo ilemera pafupifupi makilogalamu 1,600, pamene agogo ake angopitirira pang'ono tani imodzi. Ikadwala, khutu silithandiza kwenikweni. Ifuna kompyuta yowerenga vuto. Okonda zakale amati ilibe mzimu. Ndimamva cimene atanthauza, ngakhale kuti ife a m'chalichi tiyenera kukumbukira kuti palibe motoka ili ndi mzimu.

Pali yankho lacangu limene timakonda m'magulu athu: "Zonsezo ndi za dziko, Mkristu asaziganizire." Limamveka loyera, koma ndi ulesi. Mulungu amene anakongoletsa mbalame ndi maluwa sadana ndi cinthu copangidwa bwino, ndipo kukana kuganizira funso sikuliyankha. Yankho lina lacangu ndi la akuluakulu: "Mamotoka akale anali a citsulo ceniceni, a lero ndi zitini." Limeneli ndilo lifunika kuliyesa, cifukwa anthu ambiri amalikhulupirira ndi mtima wonse.

Mu 2009 bungwe la ku America loyesa citetezo ca mamotoka, Insurance Institute for Highway Safety, linakwanitsa zaka 50. Pokumbukira zimenezi linatenga Chevrolet Bel Air ya mu 1959, cimotoka cacitsulo cimene akulu angaciyamikire, ndi kuciwombanitsa maso ndi maso ndi Chevrolet Malibu ya mu 2009. Iliyonse inali kuyenda makilomita 64 pa ola, ndipo pa mpando wa woyendetsa anaikapo cidole cokhala ndi zoyezera. Malibu inafinyika kutsogolo, koma cipinda cokhalamo anthu cinatsala cosapindika, ndipo munthu weniweni akanavulala pang'ono cabe ku mwendo. Bel Air inakhwinyika mpaka m'kati, ciwongolero cinakankhikira kwa woyendetsa, ndipo zoyezera zinasonyeza kuvulala koopsa.

Cifukwa cake ndi ici. Pa ngozi, mphamvu ya liwiro iyenera kuthera kwina kwake. Amisiri a lero amakonza kutsogolo kwa motoka kuti kuzifinyika mwadala, ndi kulimbitsa cipinda ca anthu. Kufinyikako kumamwa mphamvu ija ndi kutalikitsa nthawi ya kuima, ngakhale ndi kamphindi kocepa, ndipo kamphindi kameneko ndiko kamasiyanitsa cipatala ndi manda. Citsulo cikakana kupindika pamene cifunika kupindika, kapena cikapindika pamene pakhala munthu, nthiti zanu ndizo zimalipira. Conco motoka imene ioneka yophwanyika kwambiri pambuyo pa ngozi nthawi zambiri ndiyo yagwira nchito yake.

Tinene zoona, 240Z ndi yaing'ono kwa Bel Air ndi zaka 10, ndipo ili ndi malamba a pampando. Koma ilibe ma airbag, matumba aja ofufuma ndi mpweya pa ngozi. Ilibe ABS, imene imaletsa matayala kukakamira mukaponda buleki mwamphamvu pa mseu wonyowa. Ndipo aliyense woidziwa adzakuuzani kuti mdani wake wamkulu ndi dzimbiri, limene limadya pansi pake mwakacetecete pamene penti ya pamwamba ikali kunyezimira. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Buku la Mlaliki 7:10 limacenjeza kuti si nzeru kumangonena kuti masiku akale anaposa ano. Zina za kale zinali zabwinodi, koma kupulumuka pa ngozi si cimodzi ca izo.

Apa ndipo mnyamata wokonda Datsun amaimirira. "Moyo ndi wanga," iye atero. "Ndidziwa kuopsa kwake ndipo ndavomera. Vuto lili pati?" Sindimunyoza. Tonse timalola zoopsa zina cifukwa ca zimene tikonda: ena amasewera mpira mwendo uli wotupa, ena amasambira mu Luangwa. Moyo wopanda coopsa ciliconse kulibe. Ndingamukumbutse kuti moyowo ndi wobwereka, ndiponso kuti amayi ake sanafunsidwe, koma ngakhale titamulola pa mfundo imeneyi, motoka ija ili ndi mipando iwiri.

Pa Deuteronomo 22:8 pali lamulo limene sitilimva kawirikawiri pa guwa. Nyumba za Aisrayeli zinali ndi madenga afulati, ndipo anthu anali kukwerapo kukaceza, kukayanika zinthu, ngakhale kukagona nthawi ya kutentha. Lamulolo linati womanga nyumba yatsopano aike kampanda m'mphepete mwa denga, kuti wina akagwa mlandu wa mwazi usakhale pa nyumbayo. Taganizirani bwino. Mwini nyumba adziwa pamene denga lake lithera, ndipo angayendepo ngakhale mumdima. Kampandako ndi ka mlendo, ka mwana wa mnansi, ka munthu amene wakwera cifukwa wamuitana. Mwini nyumba sakananena kuti kampanda kaipitsa maonekedwe a nyumba yake.

Eksodo 21:28-29 aonjezerapo cina. Ng'ombe ikagunda munthu n'kumupha, mwini wake analibe mlandu ngati inali isanacitepo zotere. Koma ngati inali yozolowera kugunda, mwini wake anacenjezedwa, ndipo sanaitsekere, mlandu unali wake. Ng'ombe ndi imodzimodzi, imfa ndi imodzimodzi. Casintha ndi cimene mwini wake anali kudziwa. Munthu amene anagula 240Z mu 1971 anagula motoka ya nthawi yake, ndipo palibe akanamufunsa za airbag. Inu muigula mutadziwa za Bel Air ndi Malibu. Pepani, mwina ndine ndakucotserani mwai wonena kuti simunadziwe.

Tsono ganizirani amene adzakhala pa mpando winawo. Ndi mlongo wa m'kwaya amene mwamuuza kuti, "Tiyeni ndikuperekezeni, kwada." Ndi mng'ono wanu amene amakuonani ngati mfumu. Ndi amayi okalamba a mumpingo amene mwawapeza padzuwa. Kwathu kuno munthu akapatsidwa lifiti sayamba kufunsa za mabuleki. Amathokoza ndi kukwera. Kufunsa kungaoneke ngati cipongwe. Iwo sanawerenge za dzimbiri, ndipo cisangalalo ca kumva makabureta akupuma si cao. Cisangalalo ndi canu, koma kuopsa mwagawana pakati. Kugawana kotere, kumene wina alandira gawo lake osadziwa, sindingakuche cilungamo.

Kodi tsono wosankha yatsopano wapambana mlandu? Iai. Mverani mbali yake.

Mu 1975 katswiri wa zacuma wa ku Chicago, Sam Peltzman, ananena kuti anthu akadzimva otetezedwa amayamba kuyendetsa mosasamala, ndipo gawo la phindu la citetezo limatayika. Akatswiri anzake akhala akutsutsana pa kukula kwa vutoli, ndipo malamba ndi ma airbag apulumutsadi anthu oculuka. Koma mtima umene iye anauloza tonse tiudziwa. M'motoka yakale liwiro mumalimva m'thupi: phokoso, mphepo, ciwongolero conjenjemera, zonse zimakuuzani kuti mwapitirira. M'motoka yatsopano ya akavalo 400, makilomita 140 pa ola amamveka ngati mwakhala pa sofa. Mantha, amene ndi mlonda wabwino, amagona tulo.

Koma malamulo a cilengedwe sagona. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kanayi, ndipo mtunda woimira mutaponda buleki umatalika pafupifupi kanayinso. Woyenda 120 sali kawiri cabe kuposa woyenda 60. Ndipo amene wayendapo mu Great East Road adziwa zimene zili m'mbali mwake: ana a sukulu oyenda mumzere, bambo wa njinga yosenza matumba a makala, amayi ogulitsa nthoci, mbuzi zosadziwa lamulo. Airbag imafufumira m'kati. Mwana wa ku Nyimba wodumpha mseu alibe lamba, alibe cipinda colimba. Conco yatsopano yamanga kampanda kozungulira anthu awiri, koma yapereka kwa woyendetsa ng'ombe yamphamvu kuposa ya agogo ake pafupifupi katatu. Ndipo kuno kwathu palibe mseu wa anthu onse pamene akavalo 400 angamasulidwe onse popanda kuswa lamulo. Wogula ayenera kudzifunsa mosabisa kuti akavalo otsalawo awafunira ciani, ndipo adzawatulutsa tsiku liti, pamaso pa yani.

Mukandifunsa maganizo anga, ndi awa. Ngati motokayo idzakhala imodzi yokha pakhomo panu, yopita nayo ku nchito, ku cipatala usiku, ku maliro kumudzi, tengani yatsopano. Vuto lake lalikulu lili m'phazi lanu, ndipo phazi mungaliphunzitse. Vuto la yakale lili m'citsulo, ndipo ngakhale mutakhala woyendetsa waulemu koposa mu Zambia, simungaletse woledzera wocokera kutsogolo kulowa m'mbali mwanu. Pa mphindi imeneyo ukatswiri wanu suthandiza mlongo uja. Comuthandiza ndi cimene amisiri anaika m'motokamo.

Yakale malo ake alipo, koma ndi ocepa: kuisamala, kuiyendetsa masana pa mseu wouma, pang'onopang'ono, kuphunzitsirapo acinyamata mmene injini igwirira nchito. Kunja ambiri amatero, ndipo ena amapitirira muyeso. Mu 2020 ku America 240Z ya mu 1971 inagulitsidwa madola 310,000 cifukwa inali itayenda mamailosi pafupifupi 21,000 okha. Ndiwo makilomita ngati 700 pa caka, kungopitirira pang'ono ulendo umodzi wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Ngati imeneyo ikali motoka kapena yasanduka fano, ndi nkhani yoti magulu anu akambirane tsiku lina.

Ndipo ngati mtima wanu wakana, mwatenga Datsun, ndiye pali mawu amene muyenera kuwaphunzira musanatsegulire wina citseko: "Alongo, motokayi ndi yakale. Tikacita ngozi siingakutetezeni monga za masiku ano. Mangani lamba, ndipo ndidzayenda pang'onopang'ono. Koma mukafuna kudikira basi, sindidzakhumudwa." Ndi mawu ovuta kwa mnyamata amene wapukuta motoka yake m'mawa wonse kuti anthu aione. Mwina mlongoyo adzaseka ndi kukwerabe, koma adzakwera akudziwa.