Kodi Mwana wa Mnzako Ngwako Yemwe M'tauni Muno?

Tiyeni tilingalire pamodzi funso limene likusautsa makolo ambiri ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri. Munthu akaona mwana wa mnzake alikusokera, kodi alankhule, kapena angopenya kumbali napitiriza ulendo wake?

Kumudzi funsoli silidali lobvuta. Pakati pa Amang'anja, Ayao ndi Alomwe mwana ali wa mbumba yonse. Malume wake, ndiye mwinimbumba, amayang'anira makhalidwe ake, ndipo agogo ndi anankungwi amamlangiza akamasinkhuka. Koma ife a m'tauni malume tidawasiya ku Mulanje kapena ku Chiradzulu. Bambo amalawirira ku nchito ku Makata kapena ku Limbe, mai ali ku msika ndi malonda ao, ndipo mwana amaswera pakati pa anthu amene si abale ake.

Alipo ena amene amati, ndikadzudzula mwana wa eni, mai wake adzandilalatira pa mpopi anthu onse alikumva. Mantha amenewa si achabe ai, pakuti chinansi cha ambiri chidatha chifukwa cha ana. Komabe taganizani za kamwana ka zaka zitatu kalikusewera m'mphepete mwa mtsinje wa Nasolo mvula itangokata. Kodi mudzayamba mwafunsa kuti nka yani musanakachotsepo? Tsono ngati tibvomera kuti nkoyenera kupulumutsa thupi la mwana, tikhaliranji chete pamene makhalidwe ake alikukokoloka?

Udindo wa mnansi umasintha monga momwe mwana akulira. Pamene ali khanda, tithandize mai wake: kumtungirako madzi, kumkumbutsa tsiku la sikelo, ndi kumlimbikitsa kuti ayamwitse bere lokha miyezi 6 yoyamba, monga alangizira a chipatala. Akafika msinkhu wa sukulu, tikumbukire kuti fizi ya ku pulaimale idachotsedwa m'chaka cha 1994. Tikampeza m'nyumba yoonetsera kanema pa nthawi ya maphunziro, timfunse mofatsa chimene chamletsa, pakuti mwina ndi njala kapena kusowa kope. Akatha msinkhu, ngozi ndiye imakula. M'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo idakonza lamulo lalikulu la dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 ali mwana ndithu. Choncho amene aona bambo wamkulu alikunyengerera mtsikana wa zaka 15 ndi ndalama kapena foni, nakhala duu, wathandizira choipacho.

Koma udindo umenewu uli ndi malire ake. Mnansi alibe mphamvu yomenya mwana wa mnzake, kapena kumchititsa manyazi pa gulu, kapena kufalitsa mbiri yake m'makwalala. Njira yolongosoka ndiyo kupita kwa makolo madzulo, kuodira pakhomo mwaulemu, ndi kunena zokhazo zimene maso athu adaona. Ngati wozunza mwanayo ali wa m'nyumba momwemo, pamenepo nkhani ipite ku polisi, kapena tiimbe nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Nanunso makolo, mau ali kwa inu. Munthu akabwera kudzakuuzani za mwana wanu, mpatseni mpando. Mukamthamangitsa lero, mawa adzaona choopsa koposa ndipo sadzabweranso. Mwananso akazindikira kuti mai wake amamuikira kumbuyo pa chilichonse, saopanso munthu aliyense.

Akatekisti ndi atsogoleri a malimana, kambiranani zimenezi pa misonkhano yanu, kuti makolo a dera limodzi apangane poyera kuti adzauzana za ana ao popanda kukwiyirana. Akale adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwana amene timlambalala lero adzakhala mnansi wathu zaka zambiri zikudzazi, ndipo tidzakhala naye monga momwe tidamlerera.