CHIGAZA CHA KU KABWE NDI FUNSO LA MWANA WANU

Kuwerenga: Genesis 2:4-7, Masalmo 8, Machitidwe 17:24-28



Lachinayi lina titaweruka ku msonkhano wathu kuno ku Roma, amayi ena anandikokera pambali nkhope ili yakugwa. Anati: "Amayi aphunzitsi, kodi ana athu mukuwaphunzitsa zotani kusukuluku? Mtsikana wanga wabwera ndi nkhani yakuti ku Kabwe kunapezeka chigaza cha munthu wakale kuposa Adamu. Ndinamukalipira kuti zausatana zimenezo asadzazitchulenso m'nyumba mwanga. Chiyambire tsiku limenelo sandifunsanso kanthu, ndipo Lamulungu amapita kutchalitchi mochita kukakamizidwa."

Chimene chinandiopsa m'mawu awo si chigazacho ayi, koma kukhala chete kwa mwanayo. Mwana akaleka kufunsa amake, sikuti mafunso atha. Wangopita nawo kwina, kwa anzake kapena pa foni, ndipo kumeneko akamuuza kuti asankhe chimodzi, Baibulo kapena sukulu. Ana ambiri a mumpingo tawataya pa mphambano imeneyi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tsono ife amayi tiyambe tadziwa chimene ana athu akuphunzira, kenaka timve chimene Mawu a Mulungu akutiuza.

Kodi ku Kabwe kunapezeka chiyani?

Pa 17 June 1921, anthu okumba mtovu ndi zinki pa mgodi wa Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, anapeza chigaza m'phanga pansi pa nthaka. Mabuku amatchula Tom Zwigelaar wa ku Switzerland kuti ndiye anachipeza, koma dzina la mnzake wachikuda amene ankakumba naye silitchulidwa. Chigazacho anachitumiza ku London, ndipo katswiri wina, Arthur Smith Woodward, anachipatsa dzina lakuti Homo rhodesiensis. Mpaka lero chili ku Natural History Museum ku London, ngakhale dziko lathu lakhala likupempha kuti chibwerere kwawo. Chimene timaona ku Lusaka National Museum pa msewu wa Independence ndi chofanizira chabe.

Mukachiyang'ana mudzaona kuti ndi cha munthu, koma wosiyana nafe. Mafupa a pamwamba pa maso ndi okhuthala kwambiri, chipumi ndi chopendekera kumbuyo, nkhope ndi yotambalala, ndipo ubongo unali wocheperako pang'ono poyerekeza ndi wathu. Mano ake ambiri anali obooka ndi owola. Amene munagonapo usiku wonse dzino likuwawa mungathe kumumvera chisoni.

Maphunziro ofufuza zinthu zotere amatchedwa physical anthropology. Ntchito yake ndi kuyeza mafupa, mano ndi DNA pofuna kudziwa mmene thupi la munthu linalili kale, mmene lasinthira, ndi chibale cha anthu a pa dziko lapansi. Pano ndikonzeko bodza limodzi lofala. Akatswiriwa sanena kuti nyani amene amaba chimanga kumunda ndiye agogo athu. Amanena kuti anthu ndi anyani a mtundu wa chimpanzi, onga aja osungidwa ku Chimfunshi kufupi ndi Chingola, anachokera ku kholo limodzi zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ndipo aliyense anatsata njira yake. Kaya muvomera kaya mukana, ndi bwino kutsutsana ndi chimene munthu wanenadi, pakuti lamulo lachisanu ndi chinayi limatiletsa kunamizira mnzathu, ngakhale akhale wasayansi.

Nanga zaka amazidziwa bwanji?

Magetsi akathima timayatsa kandulo. Mukalowa m'chipinda n'kupeza kandulo yatsala theka, mumadziwa kuti yayaka nthawi yaitali bwanji, chifukwa mukudziwa mmene kandulo imathera. Akatswiri amachitanso chimodzimodzi. Fupa likakhala m'nthaka limamwa madzi okhala ndi uranium pang'ono, ndipo uranium imasanduka thorium pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika. Akayeza kuchuluka kwa ziwirizi amawerengera zaka. Kale ankayesa kuti chigaza cha ku Kabwe chili ndi zaka pafupifupi 500,000. Mu 2020 atachiyeza mwa njira imeneyi anapeza kuti ndi zaka pafupifupi 299,000. Pa nthawi imeneyo n'kuti ku Jebel Irhoud m'dziko la Morocco kuli kale anthu a nkhope zonga zathu. N'chifukwa chake akatswiri ena tsopano akuti munthu wa ku Kabwe mwina sanali kholo lathu lenileni koma ngati msuweni. Mukuona kuti sayansi imadzikonza yokha umboni watsopano ukapezeka. Tisaiope ngati chilombo, ndiponso tisaigwadire ngati Mulungu.

Dziko lathu lili ndi zambiri zotere. Ku mathithi a Kalambo kufupi ndi Mbala, gulu lotsogozedwa ndi Larry Barham linafukula mu 2019 mitengo iwiri yopingasana, wina wosemedwa mphako kuti ugwirane ndi unzake. Mu 2023 analengeza kuti yakhala m'menemo zaka zosachepera 476,000, ndipo pa dziko lonse sipanapezeke chomangidwa ndi mitengo chakale kuposa chimenechi. Kwa anansi athu ku Malawi, pa Uraha m'boma la Karonga, mu 1991 anapeza chibwano cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Zinthu izi zilipo, anthu amazigwira ndi manja. Kuuza mwana kuti kulibe ndiko kumuphunzitsa kuti amayi ake ndi mpingo wake amaopa choonadi.

Mabuku awiri, Mlembi mmodzi

Ife a mpingo wa Reformed tili ndi cholowa chotithandiza pa nkhani iyi. Chivomerezo cha Belgic, chimene Guido de Brès analemba mu 1561, chimatiphunzitsa m'gawo lachiwiri kuti Mulungu timamudziwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi chilengedwe, chimene chili ngati buku lotsegulidwa pamaso pathu. Yachiwiri, yomveka bwino koposa, ndi Malembo Oyera, otionetsa njira ya chipulumutso. Mlembi wa mabuku onse awiri ndi mmodzi ndipo sanama. Zikaoneka ngati zikutsutsana, cholakwika chili pa ife owerenga. Mwina wasayansi sanawerenge bwino mafupa, mwina ife sitinamve bwino lemba.

John Calvin anakumana ndi funso longa ili. Akatswiri a nyenyezi a m'masiku ake anaonetsa kuti Saturn ndi wamkulu kuposa mwezi, pamene Genesis amawerengera mwezi pa zounikira ziwiri zazikulu. Calvin sanawatemberere. Pofotokoza Genesis ananena kuti Mose analemba monga zinthu zimaonekera kwa munthu wamba, kuti ngakhale wosaphunzira amve, ndipo anayamikira maphunziro a nyenyezi kuti amaonetsa nzeru za Mulungu.

Nafenso tifunse kuti Genesis analembedwa kuti ayankhe funso liti. Genesis 2:7 akutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, thupi lathu ndi la dothi, ndipo vesi 19 ikuti nyama nazo zinaumbidwa ndi dothi lomwelo. Choncho mwana akakuuzani kuti mafupa athu ndi magazi athu amafanana ndi a nyama, musadzidzimuke, Baibulo linanena kale kuti dongo lake ndi limodzi. Chachiwiri, moyo wathu ndi mpweya wochokera kwa Mulungu mwini, ndipo Genesis 1:27 akuti tili m'chifanizo chake. Chifanizo chimenechi sichiyezedwa ndi kukula kwa chipumi, ndipo palibe makina angachipeze m'fupa. Mafupa angatiuze za zaka, za zakudya ndi za matenda. Sangatiuze chifukwa chake tili ndi moyo, chifukwa chake mtima umatitsutsa tikachimwa, kapena kumene tikupita tikafa.

Sindikubisirani kuti akhristu okonda Baibulo amasiyana pa kamvedwe ka masiku asanu ndi limodzi a chilengedwe. Ena amati ndi masiku a maola 24, ena amati ndi nyengo zazitali, ena amati ndi kalongosoledwe kotiphunzitsa dongosolo la Mulungu ndi Sabata. Mafunso okhudza Adamu ndi chiyambi cha imfa ndi olemera, oyenera kukambirana ndi abusa mofatsa. Koma pa izi tonse tigwirizana: Mulungu ndiye Mlengi, munthu sanabwere mwangozi, tonse tinachimwa, ndipo Mpulumutsi ndi Yesu yekha. Deuteronomo 29:29 amatikumbutsa kuti zina Mulungu anazisunga kwa Iye mwini, ndipo zimene anatiululira n'zokwanira kuti timumvere.

Banja limodzi

Pali mbiri yowawa imene ana athu ayenera kuidziwa. M'zaka za m'ma 1800 ndi m'nthawi ya atsamunda, akatswiri ena ankayeza zigaza pofuna kuonetsa kuti munthu wakuda ndi wotsika. Nawonso akhristu ena ankapotoza nkhani ya Hamu ndi ya nsanja ya Babele kuti ateteze ukapolo ndi tsankho la apartheid. Onse awiri anachimwa. Lero kafukufuku wa DNA akuonetsa kuti anthu onse a pa dziko ndi mtundu umodzi wochokera kuno ku Africa, ndipo khungu linasiyana chifukwa cha mphamvu ya dzuwa kumene anthu anakakhala. Mtumwi Paulo anawauza kale anthu onyada a ku Atene kuti mitundu yonse Mulungu anaitulutsa pa chiyambi chimodzi. Abale athu a ku South Africa anabwereza choonadi chimenechi m'Chivomerezo cha Belhar mu 1986. Tsono ife tikamanena kuti mwana wanga sangakwatiwe ndi Mbemba kapena Mtonga, kapena tikamanyoza wantchito wa panyumba chifukwa ndi wa ku komboni, tikutsutsana ndi mabuku onse awiri a Mulungu.

Tichite chiyani tsono?

Choyamba, mwana akabwera ndi funso mukhazikeni pansi, mumve mpaka amalize. Muuzeni akuonetseni zimene zili m'buku lake.

Chachiwiri, musamayankhe zimene simunazifufuze. Kunena kuti "Mwana wanga, tiye tikafunse limodzi" sikuchotsa ulemu wanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, mulimbikitseni kuphunzira mwakhama ndi kulemba mayeso moona mtima. Dziko lathu likusowa ana oopa Mulungu amene adzafukula ndi kusunga mbiri yathu, kuti tsiku lina dzina la wofukula wa kwathu lisadzasowenso m'mabuku monga linasowera la mkumbi uja wa ku Broken Hill.

Chachinayi, pempherani naye, ndipo aone Khristu m'makhalidwe anu. Ana ambiri sachoka mumpingo chifukwa cha mafupa, koma chifukwa cha ukali ndi chinyengo cha ife akuluakulu.

Amayi aja ndinawalangiza kuti Loweruka lina akwere minibasi ndi mtsikana wawo, apite ku museum akaone okha. Anapitadi. Atabwerako anandiuza kuti mafunso ambiri a mwanayo sanathe kuyankha, koma pobwerera anacheza njira yonse, ndipo usiku anawerenga limodzi Salmo 8. Mafunso sanathe, koma mwana wabwerera kwa amake.

Pomaliza, amayi anzanga, kumbukirani kuti malo amene Ambuye wathu anapachikidwa ankatchedwa Gologota, dzina lonena za chigaza. Kumeneko Mlengi wa dothi anafera anthu a dothi. Chikhulupiriro chathu chaima pa mtanda umenewo ndi pa manda opanda kanthu, ndipo palibe fupa lofukulidwa pansi limene lingachigwetse.

Tipemphere: Atate wathu Wakumwamba, Inu amene munatiumba ndi kutidziwa ndi maina, tikhululukireni pamene tatseka pakamwa pa ana athu chifukwa cha mantha. Tipatseni nzeru ndi kuleza mtima, kuti nyumba zathu zikhale malo amene ana angafunse mosaopa ndi kukupezani Inu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.