Mphaka wosungitsa ndi wa ndani?

Sabata ino ndabwera ndi mlandu wanga womwe.

Ine ndimagulitsa nyemba, mpunga ndi usipa mumsika. Anzanga a geni ya zakudya mukudziwa kuti khoswe ndi mbava yosaopa loko. N'chifukwa chake ndimaweta mphaka, dzina lake Bonya. Amayi atadwala kumudzi ku Nkhotakota, Bonya ndinamusungitsa kwa aneba, mayi achikulire okhala okha. Ndinawasiyira kathumba ka usipa, poti ndimati ndikakhala masabata awiri basi. Koma kudwazika sikupangana tsiku. Ndinakhala miyezi itatu.

Pobwera ndinapeza Bonya atanenepa, ali ndi tiana tinayi. Paja bere la mphaka ndi miyezi iwiri yokha. Nditamuitana anangondiyang'ana, kenako n'kukadzikhula pamiyendo ya mayi aja. Ndinamutengabe ndi tiana take m'katoni. Kutacha, onse anali atabwerera. Anatituta pakamwa, kamodzikamodzi, usiku.

Mtima unandiwawa, sindinama. Mumtima ndimati andilanda mphaka. Koma nditakhala pansi ndinadzifunsa: usipa wanga uja unatha liti? Masabata onse otsalawo ankadya za ndani? Pomwe amabereka, anamuyalira chiguduli ndani?

Ndowa ukabwereketsa imabwera ili ndowa yomweyo. Chamoyo ayi. Chimadya, chimazolowera, chimasankha. Makolo athu izi ankazidziwa, moti munthu akasungitsa mbuzi, ikaswa, wosunga ankapatsidwa kamwana. Sichinali chifundo chabe. Kunali kuvomereza kuti thukuta la wosunga lalowa m'chiwetocho.

Komatu mbali inayo ilinso ndi mawu. Zikanakhala kuti aliyense wosunga asanduka mwini, ndani angasungitse kanthu? Chikhulupiriro chimayima pa kubweza. Ndipo mayi aja sanakanize. Anati, “Mwanangu, mphakayu ndi wanu, mutengeni.” Koma ponena izi maso awo anali pa Bonya, osati pa ine.

Apa m'pamene ndinaona kuti udindo uli pawiri. Wosunga abweze mosanyinyirika, mwini asalandire ngati sipanachitike kanthu. Iwo mbali yawo anakwaniritsa. Inatsala yanga.

Bonya ndamusiya komweko. Tiana tikasiya kuyamwa ndidzatenga tiwiri, ndipo usipa ndimawapatsirabe Loweruka lililonse. Pakadali pano makoswe andiboolera thumba la mpunga, ndiye musaganize kuti chilungamochi chabwera chaulere.

Nanga akanakhala mwana, monga achitira ambiri opita ku Joni, osiya ana kwa agogo zaka zisanu? Akamakana kubwera m'manja mwanu, mungati wakulakwirani ndani?