Wotseka Nyanja Ali ndi Mlandu Wanji?

Msika wa Nkhata Bay uli pafupi ndi doko, ndipo moyo wake udatsamira pa madzi. Usipa ndi batala zimene amayi amagulitsa pamsikapo zimafika pa mabwato, pamene matumba a ufa, shuga ndi mchere amanyamuka pomwepo kunka ku zilumba za Likoma ndi Chizumulu. Sitima ya Ilala, imene idayamba kuyenda panyanjapa m'chaka cha 1951, ikaleka kufika kwa milungu ingapo, anthu a kuzilumbazo ndiwo amayamba kulira. Choncho munthu amene angakhale ndi mphamvu zotseka njira ya pamadzi angathe kugoneka ndi njala mabanja ambirimbiri popanda kusolola ndi mpeni womwe. Kodi munthu wotereyu ali ndi mlandu wochepa kusiyana ndi msilikali amene amabaya mdani wake akupenyana naye?

Doko lomweli lidalawako nkhondo ya pamadzi. M'mwezi wa Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka, sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen idanyamuka pa Nkhata Bay nioloka nyanja kukasaka sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Idaipeza pamtunda ikukonzedwa pa Sphinxhaven, malo amene tsopano amatchedwa Liuli m'dziko la Tanzania, ndipo idaiwononga ndi mzinga. Woyendetsa Guendolen, Kaputeni Rhoades, ndi mnzake wa Chijeremani, Kaputeni Berndt, adali mabwenzi omwera limodzi, ndipo akuti Berndt sadadziwe n'komwe kuti nkhondo yayamba. Palibe adafa, kotero kuti ambiri amasimba nkhaniyi moseka. Komatu kuchokera tsikulo nyanja yonse idakhala m'manja mwa Angerezi, ndipo idasanduka msewu wonyamulira asilikali kunka ku Karonga, kumene magazi adakhetsedwa mu Seputembala chaka chomwecho. Pambuyo pake anthu zikwizikwi a dziko lino adasenzetsedwa katundu wa nkhondo ngati amtengatenga.

Aroma akale, amene mbiri yawo idalembedwa mwatsatanetsatane, ndiwo amaonetsa funsoli poyera, chifukwa m'nkhondo zawo zapachiweniweni zombo zidagwira ntchito yaikulu. Julius Caesar ataphedwa m'chaka cha 44 Khristu asanabadwe, amuna atatu, Octavian, Mark Antony ndi Lepidus, adagawana ulamuliro nalemba maina a adani awo oyenera kuphedwa. Mdani mmodzi adawakanika. Iyeyu adali Sextus Pompeius, amene adalanda chilumba cha Sicily nasonkhanitsa zombo zankhondo zochuluka. Sextus ankatumiza zombozo m'mphepete mwa Italy kukatola anthu othawa imfa, ndipo adalonjeza aliyense wopulumutsa munthu wolembedwa dzina mphotho yoposa imene opha ankalandira. Ambiri adakhala ndi moyo chifukwa cha iye.

Koma zombo zomwezo zidatsekanso njira ya tirigu. Mzinda wa Roma sunkadzidyetsa wokha. Chakudya chake chinkachokera kutsidya kwa nyanja, ku Sicily, ku Sardinia ndi kumpoto kwa Africa. Tirigu atasowa, mitengo idakwera, njala idalowa m'nyumba za amphawi, mpaka anthu okwiya adagenda Octavian ndi miyala pabwalo la mzindawo. Izi ndizo Sextus ankafuna. Iye adagwiritsa ntchito mimba za ana ndi nkhalamba ngati chida chokakamizira adani ake kuti akambirane naye. Zidathekadi: m'chaka cha 39 Khristu asanabadwe adapangana za mtendere pa Misenum.

Pamsonkhano umenewo padachitika chinthu chimene chimavundukula mtima wa munthuyu. Wolemba mbiri Plutarch akusimba kuti Octavian ndi Antony ali paphwando m'chombo cha Sextus, mkulu wa zombo zake, Menas, adamunong'oneza kuti angathe kudula zingwe za nangula, ndipo ufumu wonse ukhala wake. Sextus adakana. Adati Menas akadangochita zimenezo osamufunsa, koma poti wafunsa, iye sangaswe lumbiro lake. Ena amamuyamikira kuti adali munthu wosunga mawu. Koma yankholi likaunikidwa bwino, likuonetsa kuti chimene iye adanyansidwa nacho si kuphako ayi, koma kuti dzanja lake lioneke pa imfayo. Alendo awiri omwe ankadya naye m'mbale imodzi adawaleka. Anthu osawerengeka a ku Roma, omwe nkhope zawo sadazione, adawamana chakudya kwa zaka popanda kusowa tulo.

Apa ndi pamene pali chinyengo cha nkhondo ya pamadzi. Nyanja imaika mtunda pakati pa wochita ndi wochitiridwa. Wotseka doko samva kulira kwa mwana, ndipo imfa ya njala imabwera pang'onopang'ono, moti pamaliro anthu amatchula matenda m'malo motchula dzina la munthu. Wina angatsutse ponena kuti kutseka njira kumafupikitsa nkhondo ndi kupulumutsa asilikali amene akadathera pankhondopo. Mfundoyi si yopepuka. Pa Actium, m'chaka cha 31 Khristu asanabadwe, Agrippa, mkulu wa zombo za Octavian, adayamba watsekera Antony ndi Cleopatra njira za chakudya, kotero kuti pofika tsiku la nkhondo, pa 2 Seputembala, gulu la Antony lidali litafooka kale ndi njala, matenda ndi kuthawa kwa asilikali, ndipo otsala pamtunda adagonja osamenya nkhondo. Komabe pali kusiyana. Agrippa adamana chakudya anthu onyamula zida, amene akadatha kugonja n'kudya. Sextus adamana anthu a mumzinda, amene adalibe chogonjera chilichonse poti mkanganowo sudali wawo. Mlandu suchepa chifukwa chakuti wolakwiridwa ali kutali. Umakula pamene wolakwiridwayo sadalowe nawo m'ndewu ndipo alibe njira yotulukiramo.

Sikuti Octavian adali woyera m'manja. Pokonzekera kuthana ndi Sextus, adamasula akapolo 20,000 n'kuwaika pa nkhafi kuti azipalasa zombo zimene Agrippa adapanga. Ufulu wawo udali wa pabenchi la opalasa, pamene chombo chikamira munthu amamira nacho. Agrippa atagonjetsa Sextus pa Naulochus m'chaka cha 36 Khristu asanabadwe, akuluakulu ambiri amene Sextus adawapulumutsa kale adali atabwerera kwawo mwaulemu potsatira pangano la pa Misenum. Akapolo othawa amene adatumikira Sextus adalonjezedwanso ufulu m'pangano lomwelo, koma iwo sadaulandire. Octavian, atatchuka ndi dzina loti Augustus, adalembetsa yekha m'mbiri ya ntchito zake kuti akapolo pafupifupi 30,000 adawabweza kwa ambuye awo kuti akalangidwe. Amene eni ake sadapezeke adapachikidwa.